Ngongole yomwe simukuidziwa: musaithawe, komanso musailipire musanaifufuze

Nyengo yogula mbewu ikafika, pa Kamwendo pamakhala piringupiringu. Masikelo amapachikidwa m'mbali mwa msewu wa M12, ngolo ndi njinga zikutsitsa matumba a mtedza, soya ndi mpendadzuwa, malole akudikira kunyamula katundu wopita ku Lilongwe kapena kuchipata cha Mwami. Pa nthawi imeneyi chimene chimasiyanitsa wamalonda ndi mnzake ndi mpamba. Amene ali ndi ndalama m'manja mu Epulo ndi Meyi, mbewu ikadali yotsika mtengo, ndi amene amadzapha makwacha mitengo ikakwera chakumapeto kwa chaka.

N'chifukwa chake ambiri amathamangira kubanki, ku SACCO kapena kumabungwe obwereketsa ndalama kuti akawonjezere mpamba. Koma ena amabwerako chimanjamanja atauzidwa kuti dzina lawo lili ku CRB chifukwa cha ngongole ya kubanki ina yomwe sanabweze. Munthu n'kuima kukamwa kuli yasa, poti ngongoleyo sakuikumbuka n'komwe.

Phunziro lathu sabata ino lagona pamenepa. Mfundo yake ndi imodzi: ngongole yosadziwika sitha poithawa, sithanso pokalipira wogwira ntchito pakauntala. Imatha ndi mapepala. Amene akunena kuti muli naye ngongole ndiye ayenera kuonetsa umboni, ndipo ntchito yanu ndi kuitanitsa umboniwo mwa kalata, khomo ndi khomo, mpaka nkhani itaoneka mutu wake.

CRB ndi chiyani?

CRB ndi chidule cha Credit Reference Bureau. Awa ndi makampani amene amasunga mbiri ya momwe anthu ndi mabizinesi amatengera komanso kubwezera ngongole. Kuno kwathu amagwira ntchito motsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, lomwe linakonzedwanso mu 2016. Chilolezo chawo chimachokera kwa Registrar of Financial Institutions, udindo womwe uli m'manja mwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi Credit Data CRB ndi TransUnion.

Mvetsetsani chinthu chimodzi: CRB sibwereketsa ndalama, ndipo siipeka ngongole. Imalemba zimene yatumiziridwa ndi mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa. Ngati banki yatumiza zolakwika, CRB imasunga zolakwikazo, ndipo aliyense amene mungakamupemphe ngongole adzaziona. Kukhala ndi mbiri ku CRB pakokha si chilango ayi. Amene amabweza bwino nawonso amalembedwa, ndipo mbiri yabwino imawathandiza. Chimene chimatseka makomo ndi chizindikiro chakuti munalephera kubweza.

Lamulo limakupatsani ufulu woona zimene zalembedwa za inu, ndi kutsutsa ngati zili zabodza. Lamulo lina la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, limatsindikanso kuti aliyense wosunga mbiri ya munthu ayenera kusunga zolondola ndi kukonza zolakwika mwini wake akapempha.

Kodi ngongole yotere imachokera kuti?

Musanapse mtima, khalani pansi muganizire magwero awa, chifukwa nthawi zambiri yankho limakhala pa limodzi mwa iwo.

Loyamba ndi akaunti yomwe munangoisiya osaitseka. Alimi ambiri amatsegula akaunti chifukwa cha ndalama za fodya kapena za mpukutu wina wa malonda, kenaka akatapa zonse n'kuiwala. Koma maakaunti ena amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi. Ngati mulibe kanthu, ndalama yodulayo ikhoza kusanduka ngongole, ndipo pamwamba pake n'kumabwera chiwongoladzanja.

Lachiwiri ndi kusainira mnzanu. Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. M'Chichewa timangoti "ndinali mboni chabe," koma pa pepala la banki pali mawu awiri osiyana. Amene wasaina pa malo olembedwa witness akungochitira umboni kuti anaona mnzake akusaina. Amene wasaina pa malo olembedwa guarantor walonjeza kuti mnzakeyo akalephera, adzabweza ndi iye. Mlamu wanu akathawira ku Joni ngongole ili pakati, banki idzagogoda pakhomo panu.

Lachitatu ndi ngongole ya pagulu. Makalabu a alimi a fodya, magulu a amayi a geni ndi makopaletivi kawirikawiri amatenga ngongole mogwirizana kuti wina akalephera, onse akhudzidwa. Mwina inu gawo lanu munamaliza, koma membala wina anagulitsa mbewu yake kwa mavenda m'malo mopititsa kumene ngongoleyo imadulidwira. Mwinanso ndalama munapereka kwa msungichuma koma sizinafike kubanki.

Lachinayi ndi ngongole za pafoni. Zimatengedwa mosavuta, ndipo wina aliyense amene akudziwa nambala yanu yachinsinsi akhoza kutenga m'dzina lanu: mwana, mwamuna, mkazi kapena mnyamata wa pasikelo amene mumamutuma kwa ejenti.

Lachisanu ndi kusokoneza mayina. M'boma la Mchinji a Banda, a Phiri, a Zulu, a Mwale ndi a Tembo ndi osawerengeka. Kalembera wa chiphaso cha unzika wa National Registration Bureau asanachitike mu 2017, maakaunti ambiri ankatsegulidwa ndi chiphaso chovotera kapena kalata ya amfumu. Anthu awiri a dzina limodzi, a mudzi umodzi, akhoza kuphatikizidwa mbiri zawo.

Lachisanu ndi chimodzi ndi ngongole yomwe munamaliza kubweza koma banki sinadziwitse a CRB, kapena ndalama yanu inalowa mu akaunti yolakwika.

Lomaliza ndi chinyengo chenicheni: wina anagwiritsa ntchito fotokope ya chiphaso chanu n'kutengera ngongole.

Chifukwa chake simuyenera kuzengereza

Akuluakulu anati mlandu suwola. Ngongole ya kubanki ndiye siwola kokha ayi, imaswana. Tiyerekeze kuti akaunti ikuonetsa kuti muli ndi ngongole ya K50,000, ndipo mwezi uliwonse akuikapo chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa ndalama yonse yomwe yafikapo. Pakatha miyezi 12 ifika pa K71,288. Pakatha miyezi 24 ifika pa K101,640, kutanthauza kuti yabereka inzake. Pakatha miyezi 36 ili pa K144,914, ndipo apo sitinawerengere zilango ndi ndalama za otolera ngongole.

Chiwerengerochi ndi chitsanzo chabe, koma sichili kutali ndi momwe zinthu zakhalira. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo mabanki amabwereketsa anthu wamba pa mlingo woposa pamenepo. Choncho mwezi uliwonse womwe mwakhala chete ukukudyerani phindu la matumba angapo.

Zinthu zitatu zoti musachite

Choyamba, musalipireko "kangachepe" pofuna kuti akusiyeni, ndipo musasaine pepala lililonse lovomera ngongole musanaone umboni. Kulipirako kapena kusaina kumatengedwa ngati kuvomera kuti ngongoleyo ndi yanu. Pali chifukwa chinanso. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zoti munthu akasumire mnzake pa ngongole wamba ya mgwirizano, koma kuvomera ngongoleyo mwa kalata kapena kulipirako kukhoza kuchititsa kuti zakazo ziyambirenso kuwerengedwa. Ngati ngongole yomwe akukuuzani ndi yakalekale, onanani ndi loya musanagwire cholembera.

Chachiwiri, musatumize ndalama ku nambala ya foni ya munthu amene wangokuimbirani n'kunena kuti ndi wa kubanki, ndipo musamuuze nambala yanu yachinsinsi. Ngongole ya banki imalipiridwa mu akaunti ya banki, ndipo pamatuluka risiti.

Chachitatu, musapatse ndalama dobadoba amene akulonjeza kuti "akufufutitsani dzina ku CRB." Mbiri imasintha pokhapokha banki imene inaitumiza yavomera kuti inalakwitsa kapena kuti mwamaliza kubweza, kapena ikalamulidwa kutero.

Khomo loyamba: tengani lipoti lanu

Musadalire mawu a pakamwa a amene wakukanani ngongole. Mufunseni kuti anaona ku CRB iti, kenaka pemphani lipoti lanu kumeneko, mutanyamula chiphaso cha unzika. Ndi bwino kupempha kumakampani onse awiri, chifukwa zimene zili kwina mwina kwinako kulibe. Funsiranitu ngati pali ndalama yolipira ndiponso ngati angakutumizireni pa imelo, kuti musaononge thiransipoti.

Lipoti likafika, onani zinthu izi: kalembedwe ka dzina lanu, nambala ya chiphaso, tsiku lobadwa, dzina la banki imene inatumiza mbiriyo, nambala ya akaunti, tsiku limene ngongole inatengedwa, ndalama yoyambirira ndi yomwe akuti yatsala. Nthawi zina nkhani imathera pomwepa, mukapeza kuti tsiku lobadwa kapena nambala ya chiphaso si zanu.

Khomo lachiwiri: kalata yopita kubanki

Pitani nokha kunthambi ya bankiyo, kaya ndi pa boma ku Mchinji kaya ku Lilongwe. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma musapite ndi pakamwa pokha. Lembani kalata, ijambulitseni kuti zikhale ziwiri, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku ndipo mubwerere nayo. Pemphaninso nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la amene walandira. Kalatayo ikhoza kukhala motere:

"Kwa a Manejala. Ine, mwini chiphaso cha unzika nambala yakuti, ndapeza mu lipoti langa la CRB la tsiku lakuti kuti banki yanu inalemba kuti ndili ndi ngongole ya ndalama zakuti pa akaunti nambala yakuti. Ngongole imeneyi sindikuidziwa ndipo ndikuitsutsa. Ndikupempha kuti mundipatse zinthu izi: fomu yotsegulira akauntiyo, mgwirizano wa ngongole womwe ndinasaina, chiphaso chomwe chinagwiritsidwa ntchito, umboni wa kumene ndalamazo zinapita, sitetimenti yonse kuyambira tsiku loyamba, ndi makalata omwe munanditumizira ondichenjeza. Ndikupemphanso kuti pamene mukufufuza muimitse chiwongoladzanja ndi otolera ngongole, ndipo mudziwitse a CRB kuti ngongoleyi ili pa mkangano. Ndidzayembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14. Kalata ino sikutanthauza kuti ndavomera ngongoleyi."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Ndipo kalata isakhale ndi mawu onyoza kapena oopseza. Idzawerengedwa ndi anthu ena m'tsogolo, mwinanso ndi woweruza milandu, choncho ikuonetseni ngati munthu wodekha wofuna chilungamo.

Kuwerenga zimene akupatsani

Mapepala akabwera, khalani nawo pansi ndi munthu wodziwa kuwerengera ndalama, monga mlembi wa kopaletivi yanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi siginecha ndi chithunzi. Kodi ndi zanu? Kenaka onani tsiku ndi malo. Ngati akuti ngongole inatengedwa ku Blantyre pa tsiku limene inu munali kumsika wa fodya ku Chinkhoma kapena munali mutaoloka pa Mwami, pepala logulitsira fodya kapena chidindo cha m'chiphaso choyendera ndi umboni wamphamvu.

Kenaka tsatirani ndalama. Ngongole iliyonse ili ndi pamene inagwera: akaunti, nambala ya foni kapena kampani imene inapereka feteleza ndi mbewu. Ngati inagwera pa nambala yomwe si yanu, funsani kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina la yani.

Pomaliza gawani ndalama yomwe akukuuzaniyo patatu: ndalama yeniyeni yomwe inabwerekedwa, chiwongoladzanja, ndi zodula zina. Mukapeza kuti palibe tambala yomwe munabwereka, zonse ndi zodula za pamwezi pa akaunti yogona, muli ndi poyambira pabwino popempha kuti azichotse ndi kutseka akauntiyo.

Khomo lachitatu: dandaulo ku CRB

Musadikire kuti banki imalize. Sabata yomweyo lemberaninso a CRB, muwauze mzere weniweni wa mu lipoti womwe mukuutsutsa, ndipo muphatikize fotokope ya kalata yodindidwa ija. Iwo amafunsa banki kuti itsimikize zimene inatumiza. Apempheni kuti aike chizindikiro chakuti ngongoleyo ikutsutsidwa, ndiponso kuti akuyankheni mwa kalata.

Banki ikavomera kuti inalakwitsa, musakhutire ndi mawu akuti "takonza, pitani." Tengani kalata yonena kuti mulibe nawo ngongole. Pakapita milungu ingapo tenganinso lipoti latsopano muone ngati zasinthadi. Ambiri amaiwala sitepe imeneyi, n'kudzadabwa chaka chamawa atakanidwanso.

Khomo lachinayi: Reserve Bank

Ngati banki yangoti zii, kapena yankho lake silikugwira mtima, tengerani nkhaniyo kwa Registrar of Financial Institutions. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, ofesi imeneyi imayang'anira mabanki, mabungwe obwereketsa ndalama, ma SACCO ndi ma CRB omwe, ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Likulu la Reserve Bank lili ku City Centre mu Lilongwe, ndipo nthambi zake zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu.

Funso loyamba lomwe adzakufunsani ndi lakuti kodi munayamba mwadandaula kubanki yanu. Apa m'pamene kalata yodindidwa ija imagwira ntchito. Sanjani mapepala anu motsatira masiku: lipoti la CRB, kalata yanu, yankho la banki ngati lilipo, sitetimenti ndi marisiti. Pamwamba ikanipo tsamba limodzi lofotokoza mwachidule zimene zinachitika ndi zimene mukufuna kuti zichitike. Perekani mafotokope, mapepala enieni asachoke m'manja mwanu.

Palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomwe limamva madandaulo a ogula pa nkhani za malonda osatsata chilungamo, ndi bungwe la Consumers Association of Malawi lomwe limayankhulira ogula.

Khomo lomaliza: bwalo la milandu

Kukhothi ndi kothera, osati koyambira, chifukwa kumadya nthawi ndi ndalama. Koma mukalandira samani, musaibise pansi pa mphasa. Mukapanda kuyankha m'masiku omwe alembedwapo, khothi likhoza kugamula inu kulibe, ndipo chotsatira ndi anthu odzalanda katundu. Amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ngati mwapeza kuti wina anagwiritsa ntchito chiphaso chanu, kanenani kupolisi msanga ndipo tengani lipoti la apolisi. Fotokope yake ipite kubanki ndi ku CRB. Izi zimakhala zowawa pamene wochita chinyengoyo ndi wachibale, koma dziwani kuti mukasankha kumubisa, mwasankhanso kusenza ngongole yake.

Nanga ngati ngongoleyo ndi yanudi?

Kufufuza kukhoza kuonetsa kuti munasainiradi mnzanu, kapena kuti kalabu yanu inasiyadi ndalama. Pamenepo sinthani njira. Pitani mukakambirane, chifukwa banki imafuna ndalama yake kuposa mlandu. Pemphani kuti achotseko zilango, ndipo mugwirizane ndondomeko yobweza yolingana ndi nyengo ya malonda anu: zambiri pa nthawi yokolola ndi kugulitsa, zochepa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene ndalama imasowa. Mgwirizanowo ulembedwe ndi kusainidwa mbali zonse ziwiri. Mukamaliza tengani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza.

Dziwani kuti kumaliza kubweza sikufufuta mbiri tsiku lomwelo. Lipoti limasintha n'kuonetsa kuti ngongole inabwezedwa, ndipo zimenezo ndi zomwe wobwereketsa wina amafuna kuona. Chomwe simuyenera kuchita ndi kukatenga katapila kuti mutseke ngongole ya banki. Kumeneko ndi kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje.

Kwa amene mumachita malonda kutsidya

Chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka cha malo amodzi mu Disembala 2022, ndipo amalonda ambiri a kuno ali ndi maakaunti kapena manambala a foni a ku Chipata. Kumbukirani kuti dziko la Zambia lili ndi lamulo lakelake, Credit Reporting Act la 2018, ndipo mabanki a kumeneko amayang'aniridwa ndi Bank of Zambia. Ngongole ya kubanki ya ku Chipata idandaulidwe kumeneko, potsatira makomo omwewa: banki, CRB, kenaka banki yaikulu. Reserve Bank of Malawi ilibe mphamvu pa banki ya dziko lina.

Kutseka mpata zisanachitike

Akaunti yomwe simukuigwiritsanso ntchito itsekeni mwa kalata, ndipo mutenge umboni wakuti yatsekedwa ilibe ngongole. Mukamapereka fotokope ya chiphaso chanu, lembanipo pamwamba ntchito yake ndi tsiku, mwachitsanzo "ya kalabu ya feteleza, Okutobala," kuti isakagwire ntchito ina. Chiphaso chikatayika, kanenani kupolisi ndi ku ofesi ya National Registration Bureau. Musasaine fomu yomwe mipata yake sinalembedwe, ngakhale wakupatsaniyo akhale mkulu wa mpingo kapena wapampando wa kalabu. Pa ngongole ya pagulu, membala aliyense aziona risiti ya kubanki ndi maso ake, osangomva kuti "ndakasiya." Mukasintha nambala ya foni dziwitsani banki, chifukwa machenjezo ambiri amapita ku nambala yomwe munaitaya kalekale.

Marisiti, masitetimenti ndi makalata azikhala mu envulopu imodzi ya pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi kudontha kwa denga. Ajambuleninso pafoni.

Ndipo nayi ntchito yoti muchite: musadikire mwezi wa Epulo kuti mudziwe zimene zalembedwa pa dzina lanu. Dandaulo limatenga milungu, nthawi zina miyezi, pamene nyengo yogula mbewu siidikira munthu. Tengani lipoti lanu mbewu ikadali m'munda, mu Januwale kapena Febuluwale, kuti ngati pali chokonza chikonzedwe masikelo asanapachikidwe. Safunsa anadya phula.